Makiyi a bokosi asunge ndani? Kuyerekeza njira za makomyunisiti ndi maanakisiti

Kwathu ku Chawama tili ndi gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, lija anthu amangoti village banking. Bokosi lathu ndi lachitsulo, la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kunyumba kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Potsegula timakhalapo tonse, ndalama n'kuwerengedwa mokweza pamphasa. Sikuti timaganizirana zakuba ayi. Ambiri timapemphera mpingo umodzi, ena ndi apachibale. Koma tonse tinaonapo zimene zimachitika munthu wabwino akasunga yekha ndalama za anthu makumi awiri, mwana wake n'kudwala mwezi wa Febuluwale m'nyumba mulibe unga.

Bokosili ndi limene linandithandiza kumvetsa mkangano umene unabuka pakhonde panga Loweruka lina magetsi atathima. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amaphunzira ku UNZA, ndipo anabwera ndi mnzake wa m'kalasi. Mphwangayo amadzitcha mkomyunisiti. Mnzakeyo, mtsikana wa ku Katete wolankhula mosathamanga, akuti iye ndi anakisiti. Anatsutsana mpaka nsima inapola. Ine pomvetsera ndinaona kuti ukawafunsa za dziko limene akulifuna, onse awiri akulozera mudzi umodzi womwewo. Chowagawa ndi funso limodzi: tili m'njira popita kumudziko, makiyi asunge ndani?

Ndinagwira ntchito zaka 14 m'kampani ina ya boma, ndili mmodzi wa oimira antchito, mpaka inagulitsidwa n'kutsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Nkhaniyi kwa ine si ya m'kalasi. Ndikufuna kuyala njira zimene zilipo, chimene iliyonse imapatsa munthu ndi chimene imamulanda, kuti wachinyamata amene wayamba kukopeka ndi maganizowa asankhe akuona.

Mudzi umene onse akuufuna

Mayina onse awiriwa anadetsedwa. Anthu akamva za anakizimu amaganiza za chipwirikiti, matayala akuyaka pamsewu. Mawuwo anachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza kukhala popanda wolamulira. Woyamba kudzitcha dzinali poyera anali Mfalansa Pierre-Joseph Proudhon mu 1840, ndipo iye ankanena za dongosolo limene anthu amapangana okha, popanda wina wogwira chikoti pamwamba pawo. Chikomyunizimu nachonso ambiri amachidziwa ngati boma lankhanza la chipani chimodzi. Koma Karl Marx ndi Friedrich Engels, amene anatulutsa Communist Manifesto mu 1848, ankalozera dziko limene mulibe gulu la eni chuma ndi gulu la owagwirira ntchito, ndipo Engels analemba kuti zinthu zikadzafika pamenepo boma lidzafota lokha. Choncho mkomyunisiti weniweni nayenso amafuna dziko lopanda boma. Ambiri sadziwa zimenezi.

Onse amavomerezana kuti mwini mgodi, mwini fakitale ndi mwini minda ikuluikulu amalemera ndi thukuta la ena, ndipo kuti mankhwala ake si kupatsa osauka zachifundo kapena kukweza malipiro pang'ono, koma kuti zinthu zimene anthu onse amadalira zikhale za onse. Amavomerezananso kuti boma si mkulu wa bwalo woweruza mosakondera. Ife pamenepa sitifuna buku lotiuza. Antchito a m'migodi atanyanyala ntchito ku Kopala mu 1935, anthu asanu ndi mmodzi anawomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 asilikali anapha anthu 17 ku Nkana. Mfuti sizinalozepo eni migodi.

Mawu otchuka aja akuti aliyense apereke monga mwa mphamvu zake, alandire monga mwa kusowa kwake, Marx anawalemba mu 1875, koma maanakisiti ambiri anawatenganso kukhala awo. N'chifukwa chake pali anthu odzitcha maanakisiti achikomyunisiti, ndipo sadzitsutsa potero. Antchito a ku Paris atalanda mzinda wawo n'kuuyendetsa okha kuyambira pa 18 Malichi mpaka kumapeto kwa Meyi 1871, mbali zonse ziwiri zinati mwana ameneyu ndi wathu. Oimira anthu mu ulamuliro wa antchitowo, wotchedwa Paris Commune, ankatha kuchotsedwa nthawi iliyonse ndi amene anawasankha, ndipo malipiro a akuluakulu anatsitsidwa kuti asatalikirane ndi a wantchito waluso. Ngakhale tsiku la 1 Meyi, limene timaguba nalo muno mu Lusaka, muzu wake uli ku Chicago mu 1886, pa nkhondo yofuna kuti ntchito izikhala ya maola asanu ndi atatu. Amuna anayi amene anapachikidwa mu Novembala 1887 chifukwa cha bomba limene linaphulika pamsonkhano wa antchito ku Haymarket, mu Chicago momwemo, anali maanakisiti. Mayiko a chikomyunisiti analikuza tsikuli ndi magulu a asilikali, koma magazi ake oyamba anali a anzawo aja.

Pamphambano

Anayambira m'nyumba imodzi. Bungwe la antchito la mayiko onse, lotchedwa First International, linakhazikitsidwa ku London mu 1864, ndipo mkati mwake munali Marx, kenaka munalowa Mikhail Bakunin wa ku Russia. Mu 1872, pamsonkhano wa ku The Hague, mbali ya Marx inachotsa Bakunin m'bungwemo. Otsatira Bakunin anakasonkhana ku Saint-Imier m'dziko la Switzerland chaka chomwecho, ndipo kuyambira pamenepo mbendera yofiira ya makomyunisiti ndi yakuda ya maanakisiti zinayenda padera.

Marx ankati eni chuma sadzatula pansi chuma chawo mwaulemu. Antchito ayenera kulanda mphamvu za boma n'kuzigwiritsa ntchito kwa kanthawi, kufikira adani atagonja ndi chuma chitakhala cha onse. Bakunin anayankha m'buku lake la 1873 kuti amene adzalamulire m'dzina la antchito adzakhala anthu amene kale anali antchito, ndipo akadzangokhala pampando adzasiya kukhala antchito, n'kuyamba kuyang'ana anzawo kuchokera pamwamba. Marx anawerenga bukulo n'kulemba yankho m'zolemba zake: mwini fakitale akasankhidwa kukhala khansala sasiya kukhala mwini fakitale, nanga wantchito angasiye bwanji kukhala wantchito? Engels naye anafunsa funso lolemera. Sitima yapamadzi ikakumana ndi namondwe, kodi okwera onse akhale pansi kukambirana, kapena amvere woyendetsa?

Mafunso awiriwa sanayankhidwe mpaka lero. Njira zonse zimene zikutsatira ndi mayankho osiyana a mafunso omwewa.

Njira ya chipani chotsogolera

Iyi ndi ya Lenin, mtsogoleri wa makomyunisiti a ku Russia, ndipo ndi imene mphwanga amaikonda. Pakhale chipani cholimba, cha anthu ophunzitsidwa ndi omvera mwambo, chilande boma, chiyendetse chuma chonse mwa pulani. Makiyi onse atatu apite kwa munthu mmodzi wokhulupirika, chifukwa kunja kuli mbala ndipo palibe nthawi yoitana msonkhano.

Tisainamizire. Njirayi imapambana nkhondo. Inapambana ku Russia mu 1917, ku China mu 1949. Ku Cuba mu 1961 achinyamata anamwazikana m'midzi kuphunzitsa anthu kuwerenga, ndipo m'chaka chimodzi umbuli wosadziwa kulemba unatsika kwambiri. Ife a kuno tili ndi ngongole yathuyathu. Mayiko a kumadzulo atakana kutimangira njanji, China ndi amene anamanga TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, pakati pa 1970 ndi 1975. Pamene ANC ya ku South Africa inali ndi likulu lake muno mu Lusaka, zida ndi maphunziro ambiri a omenyera ufulu zinkachokera ku Soviet Union, ndipo asilikali a ku Cuba anafera ku Angola. Munthu amene amanyoza chikomyunizimu osatchula zimenezi sakunena zonse.

Koma mtengo wake ndi umene Bakunin ananeneratu. Mabwalo a antchito ndi asilikali, otchedwa masoviet, ndiwo anabweretsa kusintha ku Russia, koma pasanathe zaka zinayi chipani chinali chitawameza. Mu Malichi 1921 asilikali a pamadzi a ku Kronstadt, amene anali msana wa kusinthako, anapempha chisankho chaufulu cha masoviet ndi ufulu wolankhula wa antchito ndi alimi. Anayankhidwa ndi mizinga. Mwezi womwewo chipani chinaletsa timagulu ta maganizo osiyana mkati mwake momwe. Ku Ukraine, ankhondo a alimi otsogozedwa ndi anakisiti Nestor Makhno anathandiza Red Army, gulu lankhondo la makomyunisiti, kugonjetsa adani, ndipo adaniwo atatha, Red Army inatembenukira iwo. Emma Goldman, anakisiti amene anathamangitsidwa ku America mu 1919 n'kupita ku Russia ndi chimwemwe, anatulukamo mu 1921 mtima utasweka. Kenaka kunabwera njala ya ku Soviet Union ya 1932 ndi 1933 pamene alimi anakakamizidwa kulowa m'minda ya boma, ndi njala ya ku China ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambirimbiri. Njala zoterezi zimakula chifukwa wapansi amaopa kuuza wapamwamba kuti nkhokwe ndi zopanda kanthu. Boma lija linayenera kufota linanenepa mpaka tsiku limene Soviet Union inagwa mu 1991.

Ndinamufunsa mphwanga kuti anditchulire chipani chimodzi chotere chimene chinabweza makiyi chokha ntchito itatha. Anati, "Amalume, adani sanathe." Yankho limenelo ndi loona, komanso ndi limene lidzakhalapo nthawi zonse, chifukwa wosunga makiyi ndi yemweyo amene amalengeza ngati adani atha kapena ayi.

Njira imene tinailawa tokha

Zambia sinakhalepo dziko la chikomyunisiti. Humanism ya a Kenneth Kaunda, imene inalengezedwa mu 1967, inali ndi Mulungu mkati mwake, ndipo pamene maganizo a Marx anayamba kulowetsedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mipingo inalemba kalata yotsutsa mu 1979. Komabe ndikuiika pano chifukwa inatenga kanthu ku mbali zonse ziwiri. Pakamwa inkalankhula za mudzi, za kuthandizana, za munthu kukhala pakati pa zonse. M'manja inagwira zida za boma. Ku Mulungushi mu Epulo 1968 boma linatenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ku Matero mu Ogasiti 1969 linalengeza kutenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu Disembala 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi.

Ine ndine mwana wa nthawi imeneyo. Ndinaphunzira osalipira, ndinachiritsidwa osalipira, ndipo bambo anga, amene sanapite patali ndi sukulu, anaona ana awo akugwira cholembera. Zimenezo sindidzazinyoza. Koma ndinaonanso mbali inayo. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, tinayamba kufola mizere ya unga, sopo ndi mafuta ophikira. Mtengo wa unga utakwera, anthu anaukira ku Kopala mu Disembala 1986 ndi muno mu Lusaka mu Juni 1990, ndipo boma la anthu linawombera anthu.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kampani yathu ija. Ankatiuza kuti ndi yathu. Koma bwana ankasankhidwa kumwamba, mabuku a ndalama sitinkawaona, ndipo tikadandaula ankati tikusokoneza chuma cha dziko. Tsiku limene inagulitsidwa palibe anatifunsa, chifukwa pa pepala sinali yathu, inali ya boma. Boma litasintha, chinthu cha boma chinapita ndi boma. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti chinthu kukhala cha boma ndi chinthu kukhala cha anthu n'zosiyana. Maanakisiti akhala akunena zimenezi kuyambira kale, ndipo pamfundo imeneyi anali olondola.

Njira ya kuthandizana

Peter Kropotkin anabadwira m'banja lachifumu ku Russia, n'kusiya ulemuwo. Anali katswiri wa za malo amene anayenda kwambiri ku Siberia, ndipo m'buku lake la 1902, Mutual Aid, anatsutsa zoti chilengedwe ndi nkhondo ya aliyense payekha. Anati nyama ndi anthu amene amapulumuka ndi amene amathandizana. Maganizo ake ndi akuti midzi ndi magulu a antchito aziyendetsa zinthu zawo, azigwirizana mwaufulu ndi midzi ina pa zinthu zazikulu, ndipo dziko latsopanolo liyambe kumangidwa lero, m'mene tikukhalira, osadikira tsiku lolanda boma. Njira uyendamo izifanana ndi kumene ukupita. Sungafike ku ufulu podzera m'ndende.

Mtsikana wa ku Katete uja atafotokoza zimenezi ndinamuuza kuti, "Mwanawe, agogo ako ankazichita osadziwa dzina la Kropotkin." Dima ndi chiyani? Wina afulula thobwa kapena mowa, mudzi wonse ubwera ndi makasu, mawa tipita kumunda kwa wina. Maliro a mu komboni amayendetsa ndani? Palibe ofesi imene imalamula kuti uyu abweretse makala, uyu unga, awa akumbe manda, amayi agone m'nyumba, abambo panja pamoto, koma zonse zimachitika. Chilimba cha amayi a mumsika chimayenda zaka popanda loya. Mzinda uno, kunena zoona, theka lake limakhala ndi moyo chifukwa cha mapangano otere. Olemba awiri a ku Nigeria, Sam Mbah ndi I. E. Igariwey, anatulutsa buku mu 1997 lonena kuti mitundu yambiri ya mu Africa inali ndi makhalidwe otere azungu asanabwere. Kuno kwathu Atonga a kum'mwera ankadziwika ndi kukhala popanda mfumu yaikulu yolamula onse. Koma tisakokomeze. Ife Achewa tili ndi Kalonga Gawa Undi, Angoni ali ndi Mpezeni, ndipo ukapolo unalipo.

Kodi zinayesedwapo pa anthu ambiri? Inde. Ku Spain mu 1936, mkulu wa asilikali Francisco Franco ndi anzake ataukira boma, midzi mazanamazana ya ku Aragon ndi Catalonia inaika minda pamodzi n'kumayendetsa zinthu pamisonkhano ya onse, ndipo ina inathetsa ndalama mkati mwa mudzi. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri chili pafupi, ku Tanzania. M'chigawo cha Ruvuma alimi anayambitsa okha midzi ya mgwirizano, kuyambira ku Litowa, m'zaka za m'ma 1960. Anali ndi sukulu yawo ndi chigayo chawo, ndipo a Julius Nyerere ankawayamikira. Mu 1969 komiti yaikulu ya chipani cholamula cha TANU inathetsa bungwe lawo, Ruvuma Development Association. Patapita zaka zochepa boma linayamba kusamutsa anthu mamiliyoni mokakamiza kupita m'midzi ya ujamaa, kutanthauza midzi yolimira ndi kukhalira pamodzi ngati banja limodzi. Ujamaa wochokera pansi unaphedwa kuti ujamaa wochokera pamwamba ubadwe, ndipo wachiwiriwo sunabale zipatso zimene unalonjeza.

Tsopano zofooka zake, pakuti ndi zenizeni. Choyamba, sinapambanepo nkhondo yaikulu n'kukhalitsa. Makhno anathawa mu 1921, Franco anapambana mu 1939. Mphwanga anakanikiza pamenepa ndipo mnzake analibe yankho lokwanira. Chachiwiri, akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa. Msonkhano wa anthu makumi awiri umatha ndi mfundo, wa anthu zikwi ziwiri umatha ndi phokoso. Ndipo pamene palibe mtsogoleri wosankhidwa pamamera mtsogoleri wosasankhidwa, wamawu akulu kapena wankhonya, amene sungamuchotse chifukwa pa pepala palibe. Tinaona m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi mmene anyamata amphamvu amalowera pamene dongosolo lafooka.

Chachitatu ndi chimene sindimva achinyamata akuchitchula. Mudzi nawo umapondereza. Amene analanda katundu wa mkazi wamasiye maliro asanathe sanali apolisi, anali achibale. Amene amathamangitsa nkhalamba poitcha mfiti ndi anansi ake, atagwirizana onse. Lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo, limene limapatsa mkazi ndi ana gawo lawo, linachokera ku nyumba ya malamulo. Kwa mayi ameneyo boma ndi limene linaima pakati pa iye ndi abale a mwamuna wake. Ndipo kolera itafika poipa mu Januwale 2024, odwala n'kugonekedwa ku Heroes Stadium, chilimba sichikanagula katemera kapena kukumba ngalande za Kanyama yense.

Njira ya mabungwe a antchito

Pakati pa ziwirizi pali njira ya iwo amene amati chida chathu si chipani, si mudzi, koma bungwe la antchito. Lilimbe, limenyere malipiro lero, ndipo tsiku lina onse anyanyale ntchito pamodzi n'kuyamba kuyendetsa okha mafakitale. Ku Spain bungwe la CNT, lokhazikitsidwa mu 1910, linakula mpaka kukhala ndi mamembala oposa miliyoni, ndipo mu 1936 antchito a ku Barcelona anayendetsa okha mafakitale, matelefoni ndi zoyendera za mumzinda. Koma nkhondo itavuta, atsogoleri anayi a CNT analowa m'boma mu Novembala 1936, mmodzi wa iwo Federica Montseny, amene anakhala nduna ya zaumoyo. Anthu okana boma anakhala nduna. Mu Meyi 1937 iwo ndi makomyunisiti anawomberana m'misewu ya Barcelona, Franco akuyandikira.

Maganizowa anafika kum'mwera kwa Africa kuno msanga. Ku Johannesburg mu 1917 kunabadwa Industrial Workers of Africa, bungwe la antchito akuda loyendera mfundo zimenezi, ndipo ena mwa anthu a m'magulu otere ndiwo anayambitsa chipani cha chikomyunisiti cha South Africa mu 1921. Bungwe lalikulu la antchito akuda la ICU linayambitsidwa ku Cape Town mu 1919 ndi Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay ku Malawi wophunzira ku Livingstonia. Mu 1926 linachotsa makomyunisiti mkati mwake, ndipo posakhalitsa linang'ambika.

Ife tinaona mphamvu ya njirayi ndi maso. M'nthawi ya chipani chimodzi, ZCTU, bungwe lalikulu la mabungwe a antchito, ndi imene inatsala ndi mawu, ndipo mtsogoleri wake Frederick Chiluba anatsekeredwa mu 1981. Mu 1991 mtsogoleri wa antchitoyu analowa ku State House. Ndinavota, ndinavina. M'zaka zotsatira makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, zikwizikwi tinachotsedwa ntchito, ndipo kugulitsa migodi ya ZCCM, kampani ya boma ya migodi ya kopa, kunatha mu 2000. Anthu amatsutsana ngati panali njira ina, poti ngongole zinali zitatimanga pakhosi. Koma pa mkangano uja wa Marx ndi Bakunin, woti wantchito akakhala pampando amakhalabe wantchito kapena ayi, ine ndili ndi umboni wanga.

Vuto lina la njirayi lero ndi lakuti anthu ambiri a mu Lusaka alibe fakitale yoti alande. Wogulitsa salaula, wa kantemba, woyendetsa wilibala ku Soweto, amanyanyalira ndani?

Makomyunisiti okayikira chipani

Awa ndiwatchule mwachidule, ngakhale ndi amene ali pamalire penipeni. Rosa Luxemburg anali wotsatira Marx mpaka imfa yake ku Berlin mu Januwale 1919, koma mu 1918 anachenjeza Lenin kuti ufulu wa otsatira boma okha si ufulu, ufulu ndi wa iye amene akuganiza mosiyana. Anton Pannekoek wa ku Netherlands ndi anzake anati mabwalo a antchito alamulire okha, chipani chisakhale pamwamba pawo. Antchito a ku Hungary anapanga mabwalo otere mu 1956, akasinja a Soviet Union n'kuwaphwanya. Munthu wa maganizo awa ndi anakisiti wachikomyunisiti akakhala pa benchi imodzi, umavutika kudziwa uyu ndi uti.

Mmene ine ndimaziyezera

Pofuna kumvetsa chifukwa chake kopa amachoka ku Solwezi pa magalimoto usiku ndi usana koma mwana wa ku Chibolya alibe desiki, Marx ndi amene ali ndi nyali yowala. Maanakisiti sanalembe zakuya chotero za mmene chuma chimayendera, ndipo Bakunin mwiniwake ankalemekeza Marx pa zimenezi. Koma pa funso la mmene tingadzisonkhanitsire osabala bwana watsopano, ndimatsamira kwa maanakisiti, chifukwa chenjezo lawo linakwaniritsidwa kambirimbiri, ku Moscow, ku Ruvuma, ndi pa geti la kampani yathu.

Ndimayang'ananso kukula kwa chinthucho. Bokosi la gulu, mjigo wa madzi, msika, kopaletivu ya alimi, sukulu ya mu komboni: izi anthu angathe kuyendetsa okha, ndipo chipani chilichonse chikalowamo chimaononga. A Kaunda ataitana anthu ku Chifubu mu 1965 kuti apange makopaletivu, ambiri anabadwa chifukwa cha ndalama za boma, ndipo ndalamazo zitauma anafa. Amene amakhalitsa ndi amene anthu anaikamo zawo. Koma damu la Kariba, migodi, katemera, ngongole za dziko: apa funso la Engels la sitima ndi namondwe likadali chiimire, ndipo sindinamvepo anakisiti akuliyankha mondikhutiritsa. Pa zinthu zimenezi ndimavomera kuti pakhale woyendetsa. Chimene sindivomera ndi woyendetsa amene sitingamutsitse.

Choncho munthu akabwera kwa ine ndi mbendera, yofiira kapena yakuda, sindiyamba ndi kumufunsa za mudzi wa kutsogolo, poti pamenepo onse amalankhula zokoma. Ndimamufunsa ngati amene tamusankha tingamuchotse nthawi yake isanathe, ndiponso ngati adzadya zimene ife tikudya. Zonse ziwirizi antchito a ku Paris anaziyesa mu 1871, ndipo Marx anaziyamikira, choncho mkomyunisiti sangazikane ngati zachilendo. Ndimafunsanso ngati mabuku a ndalama angawaone aliyense, ndi chimene chidzachitikire munthu amene wakana mfundo ya gulu. Funso lomalizali limaluma mbali zonse. Wachipani amayankha ndi ndende, wa kumudzi nthawi zina amayankha ndi kusala, ndipo kusalidwa ndi anansi ako onse si chinthu chopepuka.

Alendo anga atatsala pang'ono kunyamuka, mtsikana uja anapempha kuona malamulo a gulu lathu. Anawerenga n'kufunsa kuti, "Nanga buku lolembamo ngongole amasunga ndani, atate?" Ndinamuuza kuti ndi mayi mmodzi, wakhala nalo zaka zinayi, chifukwa ndi yekhayo amene amatha kuwerengera chiwongoladzanja ndi magawo a aliyense osalakwitsa. Makiyi timasinthana chaka chilichonse, koma bukulo sitinaliganizirepo. Mayiyo sanabepo ngakhale ngwee imodzi. Komabe akanena kuti gawo lako ndi lakuti, palibe mwa ife amene angamutsutse ndi masamu. Ndinakaitula nkhaniyi pamsonkhano wotsatira, mwini wake anailandira bwino, ndipo tinagwirizana kuti anthu awiri azikhala pambali pake ndi makope awo mpaka tsiku logawana mu Disembala. Mmodzi mwa awiriwo ndi mayi wogulitsa tomato amene analekezera sukulu giredi 7, ndipo mwezi watha anapeza yekha pamene tinalumpha chindapusa cha K20.